Nkhombe Sabzala

Mkazi wanga anamwalira mu Epulo, chimanga chitauma m'munda koma tisanakolole. Tinali titakhala m'banja zaka zinayi, ndipo mwana tinalibe. Ine ndinali mkamwini kwawo, m'mudzi wina kufupi ndi Namitete, ndipo ndinkaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera, mtunda wa theka la ola panjinga. Maliro atatha, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anagwirizana kuti ndikhalebe pamudzipo mpaka tsiku lometa kachiwiri, pamene adzandisudzule kuti ndibwerere kwathu. Anati zimenezi zidzachitika anthu akagulitsa fodya. Fodya anagulitsidwa, koma malume ake a malemuwo anadwala, ndipo tsikulo linasunthidwira mu Okutobala.

Motero ndinali ndi miyezi isanu ndi umodzi ya masana opanda chochita. Ndikaweruka kusukulu ndinkalowetsa njinga m'nyumba n'kutsikira kumtsinje. Sindinkapita kukalingalira chilichonse. M'nyumba munali zii, ndipo ndikakhala pakhonde aliyense wodutsa ankaona kuti ayenera kuima n'kundipepesanso.

Mtsinjewo ndi waung'ono, umathira mumtsinje wa Namitete. Kumeneko n'kumene ndinayamba kuyang'anitsitsa nkhombe. Amene sanakulire pafupi ndi mtsinje mwina sazidziwa. Ndi zamoyo za mtundu wa nkhono, koma zili ndi zigoba ziwiri zotsekana ngati manja a munthu amene wafumbata kanthu. Kunja n'zakuda mobiriwira, m'kati n'zoyera monyezimira. Nkhombe imakhala chiimire mumchenga pansi pa madzi, nsonga yokha ili pamtunda, n'kumakoka madzi ndi kuwalavula tsiku lonse. Kwathu sitizidya. Amene amazifuna ndi oumba mbiya.

Apongozi anga aakazi anali mmodzi wa oumbawo. Chigoba cha nkhombe ndicho ankapalira m'kati mwa mtsuko dothi likadali lofewa, kuti mimba yake isalale ndiponso ipyapyale mofanana mbali zonse. Supuni inkang'amba dothi, ndipo chidutswa cha pulasitiki chinkapindika. Zamoyo sankapha, ankatola zigoba zimene katumbu wasiya pamiyala akadya. Zonsezi ndinazimva kwa mkazi wanga, chifukwa ine ndi apongozi sitinkalankhulana.

Sikuti tinayambana. Unali ulemu. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'thengo, kugwada chakumbali n'kuwomba m'manja. Ine ndinkavula chipewa n'kuyang'ana kwina. Moni tinkapatsana chapatali. Mawu enieni, a kumunda, a matenda, a denga lodontha, ankadzera mwa mkazi wanga. Mabanja ambiri anali atausiya mwambo umenewu, ndipo kumpingo kwathu palibe ankaulimbikitsa, koma iwo anausunga, inenso ndinautsatira. Sunkandivuta.

Mkazi wanga atapita, mawu anayamba kudzera mwa mng'ono wake, mlamu wanga, mayi wa ana awiri. Pakati pa munthu ndi mlamu wake mwambo ndi wina: kunyogodolana basi. Chifikireni pamudzipo, mlamu anali asanandiuzepo chinthu chopanda nthabwala. Ngakhale sabata ya maliro anandiuza kuti mutu wanga wometa ukuoneka ngati dzungu losakhwima. Komanso ankakonda kuika mawu ake m'kamwa mwa amayi ake. Ankatha kubwera n'kunena kuti, "Amayi akuti muwagulire sopo," sopoyo ali wake.

Mkazi wanga ankanena kuti ali mwana nkhombe zinali ponseponse, mwakuti ana ankachekeka nazo mapazi posamba. Pofika nthawi yanga zinali zitatsala m'dziwe limodzi, pansi pa mkuyu, kumunsi kwa dimba lathu. Zifukwa zake zinali poyera. Malole ankabwera kudzatapa mchenga womangira nyumba m'tauni. Anthu ankakokolola nsomba ndi maneti a udzudzu. Madimba anafika m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kotero kuti mvula ikagwa matope ankakwirira mchenga wonse wa pansi. Dimba lathu nalonso linafika kumadzi. Bango la m'mphepete mwake ndinadula ndine, chaka changa choyamba, pofuna kuoneka mkamwini wolimbikira.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Pofika Ogasiti mtsinje unali utasiya kuyenda, watsala maiwe apa ndi apo. Dziwe la pamkuyu linkandilekeza m'chiuno mu Juni. Mu Seputembala linkalekeza m'mawondo. M'matope a m'mphepete munayamba kuoneka timizere tokhotakhota, njira za nkhombe zikuthawira kwakuya. Zina zinkasochera n'kulowera kumtunda, ndipo ndinkazipeza zitayasama, mbalame zitadya kale. Otapa mchenga anali atafika pokhotera mtsinje, pamtunda woti munthu akafuula umamva.

Ndinaona kuti dziwelo liuma mvula isanabwere, ndipo kuti zikafa zimenezi, nkhombe zatha mumtsinje wonsewo. Palibe anandituma kuti ndichitepo kanthu. Ndinangoona kuti ndi ntchito imene ndingaigwire ndekha, popanda kulankhula ndi munthu.

M'dimba lathu munali chitsime chothirira mbewu, chachikulu kukamwa, chotsikira pa masitepe okumba m'dothi. Sichinkaphwa ngakhale chaka cha chilala. Loweruka lina ndinatenga ndowa, ndinatola nkhombe pafupifupi theka la zimene zinali m'dziwe, n'kupita nazo kuchitsimeko.

Ndinazibzala. Palibe mawu ena onenera zimene ndinachita. Kukoleji tinaphunzirako zaulimi, ndipo manja anga anangotsatira zimenezo. Ndinazindanda m'mizere, kutalikirana chikhatho chimodzi, iliyonse n'kuikankhira m'matope ndi chala chachikulu mpaka yabisika, kuti mbalame zisaione. Madzi anali ozizira ndi oyera pamwamba. Ndinakhutira. Tsikulo ndinalilemba m'kope.

Dimba la apongozi linali loyandikana ndi lathu, mzere wa nzimbe uli pakati. M'mawa umenewo ankathirira mpiru. Ndili pakati pa ntchito ndinamva kuti keni yawo yothirira yasiya kulira, ndipo inakhala chete nthawi yaitali. Sindinacheuke, pakuti sizinali zoyenera.

Chakumasana mlamu anatulukira m'nzimbemo.

"Odi kudimba kuno, aphunzitsi! Ndamva mwayamba ulimi watsopano. Feteleza wake ndi uti, wachitowe kapena wobereketsa? Zikacha tikagulitsa kumsika wa ku Msundwe, eti?"

"Mukadzaona phindu lake mudzabwera ndi mbale," ndinatero.

"Mbale ine? Imvani kuno. Amayi akuti ndikufunseni, kodi m'chitsimemo muli matemba?"

"Matemba a chiyani? Ndiwo zakutherani?"

"Ine ndangotumidwa. Akutinso, kodi matope akewo mwawanunkhiza?"

"Inu alamu, muziwanamizira zina amayi. Munthu wamkulu angatume mwana kudzafunsa ngati ndanunkhiza matope?"

Anaseka mpaka anakhala pansi, pamzere wa anyezi. "Chabwino, a sayansi. Ndikawauza kuti mwamva."

Patapita masiku asanu chitsime chinayamba kununkha. Nditatsika n'kupisa dzanja, ndinapeza kuti pansi pa madzi oyerawo panali matope akuda bii, ofewa ngati phala, onunkha ngati dzira lovunda. Zina zinali zitayesa kutuluka n'kufera pamwamba pa matopewo. Zambiri zinafera momwe ndinaziika. Panalibe yamoyo ngakhale imodzi.

Madzi anaipa, sakanathiriranso ndiwo zamasamba. Ndinayenera kukapa chitsime chonse, ndipo mlamu anabwera ndi ndowa yake kudzandithandiza. Tinakapa nthawi yaitali.

Kenako ndinamufunsa kuti, "Mawu aja analidi a amayi?"

"Nanga ndinati ndi a ndani?"

"Bwanji simunanene bwinobwino?"

"Ndinene bwinobwino kwa inu? Mukanati ndadwala." Anakhuthula ndowa. "Komanso iwo sanati ndikuuzeni kanthu. Anati ndikufunseni."

Ndinamutuma kuti akawafunse chimene ndingachite ndi zotsala m'dziwe zija. Yankho linabwera tsiku lomwelo. Anati iwo sangaphunzitse mkamwini wawo ntchito, chimenecho n'chipongwe, makamaka mkamwini wophunzitsa ana a anthu. Anati mafunso anafunsa kale. Anawonjezera kuti ndisazisunthenso, ndidikire Loweruka la ankhoswe.

Kunali kutatsala masabata awiri. Madzi a m'dziwe anali atatsika kufika m'katumba. Ndinachita zochepa zimene ndinali nazo chitsimikizo. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkatola zosochera n'kuzibwezera pakati. Ndinayala nthambi za mango mbali imene mthunzi wa mkuyu sunkafika. Ndinapempha otapa mchenga kuti asafike pamenepo. Anandiyang'ana ngati munthu amene maliro amusokoneza mutu, ndipo mwina n'chifukwa chake anavomera.

Ndinafufuzanso m'makope anga a kukoleji. Ndinapeza mizere itatu, yolemba ndi dzanja langa. Inkanena kuti ana a nkhombe akatuluka mwa mayi wawo amakhala tating'ono ngati fumbi, ndipo amayamba akangamira pathupi la nsomba kwa kanthawi, kenako n'kugwera mumchenga. Popanda nsomba, nkhombe sizingaswane. Ndinali nditalembapo mayeso pa zimenezi n'kukhoza. Ngakhale matope aja akanakhala abwino, m'chitsime chopanda matemba nkhombe zikanangokalamba n'kutha.

Pofika Lachisanu lomaliza madzi ankalekeza m'kakolo, ndipo masana ankafunda ngati osamba.

Loweruka m'mawa tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Malume anga anali atafika dzulo lake. Mkulu wa mpingo anapemphera. Anandimeta pang'ono chabe, pachipumi, mongokwaniritsa mwambo. Kenako malume ake a mkazi wanga analankhula mwachidule. Anati mwana wanuyu anakhala nafe bwino, sanatilakwire, anadwazika mwana wathu mpaka mapeto. Lero tikumubweza m'manja mwanu wopanda mlandu, ndipo akafuna kukwatira akwatire. Malume anga anathokoza. Katundu wanga anali kale panja: njinga, matiresi, katoni ya mabuku. Malume ankafuna kuti tikapeze minibasi dzuwa lisanafike pamutu.

Pamenepo apongozi anadzuka pamphasa ya amayi, anadutsa pabwalo ponse anthu akuona, n'kudzaima patsogolo panga. Anandiyang'ana kumaso. Ndinaona koyamba kuti anali ndi kachipsera pachibwano. Maso awo sindinawayang'anitsitse, chifukwa ndinkawadziwa kale: anali ngati a mkazi wanga.

"Bambo," anatero, "tsopano ndinu mwana wa eni ake. Vulani nsapato, mutenge chiguduli. Tiyeni."

Malume anga anayang'ana wotchi.

Kudziwe anakwinya chitenje n'kulowa m'madzi. Anandiuza kuti ndinyowetse chiguduli, chifukwa m'ndowa madzi amatentha msanga ndipo nkhombe zimagundana. Ine ndinayamba kupisa manja m'matope monga ndinachitira poyamba paja.

"Ayi, ndi mapazi. Musaponde, kwekwesani phazi pang'onopang'ono. Mukamva ngati mwakhudza msana wa mpeni wobuntha, ndi imeneyo. Musaizule ngati chinangwa, muithyola phazi lake logwirira mchenga. Ikumbeni m'mbali."

Mawu awo anali okhuthala kuposa mmene ndinkaganizira, ndiponso achangu. Zaka zinayi ndinkangowamva akunong'ona moni.

"Tsiku lija ndinkakuonani," anapitiriza, akuwerama. "Ndinati, kodi bambowa akuyesa mbatata? Nkhombe sabzala. Ili ndi kumutu ndi kumiyendo, ndipo imadziwa yokha. Inu zina munaziimika chadodolido. Munthu kumulowetsa mutu m'matope onunkha, apuma bwanji?"

"Mukanandiletsa, amayi."

"Ndikuletseni ine? Anthu othirira akumva? Mukanayenda bwanji pamudzi pano?" Anaika nkhombe m'chiguduli. "Wokuuzani zoterezi analipo. Atachoka, ine ndinatsala wopanda pakamwa."

Tinapitiriza ntchito. Tinakwekwesa dziwe lonse kawiri, uku ndi uku, mpaka mapazi sanapezenso kanthu. Zonse pamodzi sizinadzaze ngakhale theka la chiguduli.

Anatsogola, kutsata mtsinje chakumunsi, ine pambuyo chiguduli chili paphewa, madzi akundidonthera kumsana. Tinadutsa madimba a anthu, tinadutsa pamene ankaumba njerwa. Titapitirira pamenepo ndinazindikira kumene tinkapita. Patsogolo pathu panali mitengo ya kumanda.

Kudera kwathu mitengo yachilengedwe inatsala kumanda kokha, chifukwa kumeneko nkhwangwa silowa. Manda a mudziwo ali pamtunda, ndipo mitengo yake imatsetsereka mpaka kumtsinje. Pansi pake pali dziwe lalitali. Palibe amakokamo neti, palibe amalima m'mphepete mwake, ndipo otapa mchenga amalilambalala. Ndinkadziwa kuti dziwelo lilipo. Koma chiyambire Epulo ndinali ndisanayendeko mbali imeneyo, ndipo masiku onse amene ndinkafunafuna madzi osaphwa, silinabwere m'mutu mwanga.

M'manda sitinalowe, tinadzera mumchenga wa mumtsinje. Podutsa pansi pa mitengo apongozi anawomba m'manja kawiri motsitsa, n'kunena kuti, "Zikomo, tadutsa nawo." Ine ndinayang'ana pamene ndinkaponda.

Madzi a m'dziwelo anali ozizira. Chakumtunda kwake ankatumphuka pang'onopang'ono kuchokera pansi pa mchenga, mwakuti ngakhale mtsinje unali utaima, pamenepo madzi ankayenda. Titangolowa, matemba anayamba kutijompha m'miyendo.

"Mwawaona?" anatero. "Kumene matemba atha, nkhombe zazing'ono sindinazipezepo. Chifukwa chake sindidziwa. Mwina inu a sukulu."

Ndinawafotokozera za mizere itatu ija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye munkadziwa," anatero.

"Ndinalemba m'kope."

"Hmm."

Anasankha malo olekeza m'mawondo, a mchenga wosakanikirana ndi timiyala. Anatapa mchengawo, kuununkhiza, n'kundipatsa kuti nanenso ndinunkhize. Unalibe fungo. Kenako anayamba kutenga nkhombe imodziimodzi n'kuigoneka chammbali pamwamba pa mchenga, osaikankha ngakhale pang'ono. Sanazindande. Zina anaziika pafupi, zina patali, mmene dzanja lafikira. Titamaliza anati tituluke, tikhale pamwala, tisagwedeze madzi.

Tinakhala. Panapita nthawi popanda chochitika. Nkhombe zinangogona pamchenga, zotseka, ngati miyala.

Mlamu anatipeza pamenepo, akupuma mwawefuwefu.

"Aphunzitsi! Malume anu akuti akusudzulani kuti muzipita, osati muzisewera m'madzi ndi apongozi anu. Minibasi ziwiri zadutsa kale."

"Si mkamwini wanga ameneyu," anatero amayi ake osacheuka. "Ndipo iwe tsitsa mawu. Khala apo."

Mlamu anakhala, n'kundinong'oneza kuti, "Lero mwapeza hedimasitala."

Patapita kanthawi imodzi inatsegula pang'ono. Inatulutsa phazi lake loyera, lofanana ndi lilime, n'kulilowetsa mumchenga. Inagwedezeka, inapendekeka, kenako inadzuka n'kuima. Inayamba kumira pang'onopang'ono, kupuma, kumiranso, mpaka panatsala kamng'alu kokha pamwamba pa mchenga. Ina inatsatira chapatali. Ina inayenda kaye mtunda wa mkono, kusiya kamzere, isanasankhe malo.

Dzuwa litapendeka, zambiri zinali zitalowa. Zinayi zinatsala chigonere. Apongozi analowa, anazitola, anazinunkhiza imodziimodzi. Zitatu anaziponya kumtunda. Yachinayi anaibwezera.

"Iyi yangotopa," anatero. "Pitani, malume anu angakwiye. Ndiziziona ine."

Tinakwera minibasi ya chakumadzulo. Malume anangoti buluku langa lanyowa. Mwezi wotsatira dziwe la pamkuyu linauma mpaka kung'aluka, ndipo mvula inabwera mochedwa. Ine ndinapempha kusamutsidwa, ndipo ananditumiza kusukulu ina cha ku Nsaru.

Ndinabwererako patapita zaka zitatu, m'chilimwe, pamene tinkamanga chiliza cha mkazi wanga. Ntchito ya kumanda itatha, anthu akubwerera kumudzi, amayi aja, apongozi anga akale, anandikodola. Tinatsikira kudziwe awiri. Iwo anakhala pamwala chifukwa bondo linkawavuta. Ine ndinavula nsapato n'kulowa.

Zazikulu ndinazipeza msanga, zili chakumtunda kumene madzi amatumphuka. Ndinakwekwesa phazi nthawi yaitali ndisanamve kanthu kena, kakang'ono, kakuthwa kuposa zinazo. Ndinakakumba m'mbali ndi chala. Kanali kotalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu, chigoba chake chopyapyala, chobiriwira, chosaperepeseka paliponse.

"Musakatulutse m'madzi," anatero ali pamwala. "Ndakaona. Tilipo tambiri chakuuko, pansi pa muzu. Ndinayamba kutiona chaka chatha."

"Simunanditumizire mawu."

"Ndikanatuma ndani? Mlamu wanu?"

Ndinakabwezera pomwe ndinakapeza. Tisanachoke anandiuza kuti bango limene anadzala m'mphepete mwa dimba lija lagwira, ndipo kuti eni madimba awiri oyandikana nawo asiyako mikono ingapo osalima, ngakhale wachitatu anakana. Kumtunda konse, kuyambira pamkuyu mpaka kumlatho wa pamsewu, kunalibe nkhombe ngakhale imodzi, ndipo malole ankabwerabe. Zinali m'dziwe limodzi lokhalo, ndipo m'menemo zinkaswana.